Khalifa adagwa, akapolo n'kuimitsa a Mongol: zidatheka bwanji?

Chambo_wa_Mayfair
Assalaam alaikum abale ndi alongo. Dzulo titatha taraweh shehe wathu kuno anakamba za nkhondo ya Ain Jalut. Akuti inachitika pa 25 Ramadhan, tsiku la Ijuma, ndipo Asilamu anagonjetsa a Mongol omwe anali atangopsereza Baghdad. Anthu anafuula takbir, inenso ndinafuula nawo. Koma pobwerera kunyumba funso linandigwira. Baghdad unali mzinda wa Khalifa (mtsogoleri wamkulu wa Asilamu), wa maulama, wa chuma, wamalinga. Unagwa pasanathe masabata awiri. Ndiye akapolo ogulidwa pamsika ku Egypt ndi amene akaimitse anthu omwewo? Pali china chomwe sitikuuzidwa apa. Amene munawerenga tithandizeni, koma chonde osangoti "inali qadar" basi, zimenezo ndikuzidziwa kale.

Kachere
Walaikum salaam. Ku Baghdad kunali anthu okhuta, ku Cairo kunali anthu ankhondo. Nkhani yatha.

Abiti_Nyanja
Kachere, yankho lotere limakoma pakamwa koma silikhutitsa. Ku Bukhara kunalibe ankhondo? Ku Samarkand kunalibe? Mizinda iwiriyi inagwa zaka 38 Baghdad isanagwe.

Mphunzitsi_Wopuma
Walaikum salaam mwana wanga. Funso lako n'labwino, koma tiyambire kutali pang'ono. Mundipirire, zala zanga n'zokalamba.

Moto udayambira ku Otrar m'chaka cha 1218. Genghis Khan adatumiza amalonda pafupifupi 450, ambiri mwa iwo Asilamu, ku ufumu wa Khwarazm, womwe udali pomwe lero pali Uzbekistan, Turkmenistan, Iran ndi mbali ya Afghanistan. Bwanamkubwa wa mzindawo, Inalchuq, adati ndi akazitape, nawapha, nalanda katundu yense. Genghis adatumiza amithenga atatu kwa mfumu Ala ad-Din Muhammad kuti impereke bwanamkubwayo. Mfumu idapha mmodzi, awiriwo idawameta ndevu n'kuwabweza. Nkhuyu zodya mwana zidapota akulu. Mu 1219 a Mongol adalowa, mu 1220 Bukhara ndi Samarkand zidagwa, mu 1221 Merv, Nishapur ndi Herat. Mfumu ija idathawa ngati gwape, akazembe a Genghis, Jebe ndi Subutai, ali m'mbuyo mwake, mpaka idakafera pakachilumba m'nyanja ya Caspian.

Chomwe ndikufuna muone n'chakuti Muhammad adali ndi asilikali ochuluka, koma sadawasonkhanitse pamodzi. Adawagawa m'mizinda, chifukwa akazembe ake ambiri adali a mtundu wa mayi ake, Terken Khatun, ndipo mayi ndi mwana sankamvana. A Mongol adangodya mzinda umodziumodzi ngati akukonola chimanga. Komanso mfumu yomweyi mu 1217 idanyamuka ndi nkhondo kukamenya Khalifa wa ku Baghdad, idangobwezedwa ndi chisanu m'mapiri a Zagros. Ndiye pamene inkagwa, ku Baghdad sikudachoke thandizo lililonse. Chaona mnzako chapita.

Ustadhi_Wamng'ono
Jazakallah khair aphunzitsi. Ndingowonjezera kuti pa Ain Jalut ndi pomwe a Mongol anagonja koyamba chiyambireni nkhondo zawo. N'chifukwa chake timaikumbukira.

Mtsutsi_Wachikondi
Ayi ustadhi, pamenepo mwaterereka. Mu 1221 Jalal al-Din, mwana wa mfumu yothawa ija, anawakwapula a Mongol ku Parwan, kumpoto kwa Kabul. Amene ankawatsogolera anali Shigi Qutuqu, wokulira m'nyumba ya Genghis mwiniwake. Mukudziwa zimene zinachitika atapambana? Akazembe awiri a Jalal al-Din anakanganirana kavalo wolanda kunkhondoko, wina anamenya mnzake ndi chikoti, womenyedwayo anatenga asilikali ake usiku n'kumapita. Genghis atabwera yekha anapeza gulu lachepa. Jalal al-Din anapanikizidwa pa mtsinje wa Indus, anachita kudumphira m'madzi ali pakavalo. Kavalo mmodzi abale!

Kachere
Ife komiti ya mzikiti kwathu inagawanika pakati chifukwa cha mbuzi ya Eid, ndiye zimenezo sizikundidabwitsa.

Ustadhi_Wamng'ono
Ndavomera. Tinene kuti pa Ain Jalut ndi pomwe anagonja osabweranso kudzatenga malowo n'kuwasunga.

Mtsutsi_Wachikondi
Apo tagwirizana.

Chambo_wa_Mayfair
Chabwino, koma tifike ku Baghdad. Khalifa anali ndi zaka zoposa 30 zoti akonzekere. Ankatani?

Mphunzitsi_Wopuma
Choyamba chotsa m'mutu mwako chithunzi cha Khalifa wolamulira kuchokera ku Spain mpaka ku India. Izo zidatha kalekale. Pofika zaka za m'ma 1250, al-Musta'sim ankalamulira Baghdad ndi mbali ya Iraq basi. Dzina lidali lalikulu, banja la Abbas lidakhala pampando kuyambira 750, mzinda womwe adaumanga al-Mansur mu 762, koma mphamvu zidali zochepa. Olemba mbiri achisilamu eni ake amanena kuti chiwerengero cha asilikali chidachepetsedwa ndipo ena sankalipidwa, mpaka kumapemphetsa m'misika ndi pamakomo a mizikiti. Mu 1256 madzi osefukira adaononga mbali yaikulu ya mzinda. Nduna yaikulu, Ibn al-Alqami, idali pa udani ndi mkulu wa asilikali. Wina akuti titumize mphatso tigonje, wina akuti timenyane, Khalifa ali pakati osasankha chimodzi.

Tsono taona amene ankabwera. Hulegu, mdzukulu wa Genghis, adatumidwa ndi mkulu wake Mongke, yemwe adali Khan wamkulu. Adanyamuka mu 1253 osathamanga. Patsogolo pake anthu ankakonza misewu ndi milatho, msipu wa m'njira udaletsedwa kwa wina aliyense kuti akavalo ake adzapeze chakudya. Adali ndi amisiri ochokera ku China odziwa makina oponya miyala, tingoti malegeni aakulu ngati nyumba. Mu 1256 adagwetsa malinga a m'mapiri a a Ismaili (nthambi ina ya a Shia), kuphatikizapo Alamut, omwe mafumu ambiri adawalephera kwa zaka zoposa 150. Gulu lake lidaposa anthu 100,000.

Mu Januwale 1258 asilikali a Khalifa adatuluka kukakumana nawo chakumpoto kwa mzinda. Usiku a Mongol adagumula makoma otchinga madzi, msasa wonse udamira m'matope, m'mawa adangomaliza. Pa 29 Januwale adazinga mzinda, pa 10 Febuluwale Khalifa adadzipereka. Kupha ndi kufunkha kudatenga pafupifupi sabata. Pa 20 Febuluwale Khalifa adaphedwa. Nkhani yomwe ambiri amaivomereza ndi yakuti adamukulunga mu kapeti n'kumupondetsa akavalo, chifukwa a Mongol ankaopa kukhetsa pansi magazi a munthu wachifumu.

Nyenyezi_ya_Mwera
Inna lillahi. Ine ndinamva kuti anafa anthu 2 miliyoni ndipo mtsinje wa Tigris unada bii ndi inki ya mabuku.

Mtsutsi_Wachikondi
Achemwali, manambala a nthawi imeneyo tiziwagwira ndi dzanja lamanzere. Ena analemba 800,000, ena kuposa apo. Hulegu mwiniwake, m'kalata yomwe analembera mfumu Louis IX ya ku France mu 1262, anatchula zoposa 200,000, ndipo munthuyo ankadzitama, sankachepetsa. Ngakhale 200,000 yomweyo, m'masiku ochepa, ndi lupanga, osati mabomba, tangoganizani. Za inki ndi nkhani yomwe inatchuka pambuyo pake. Mabuku anaonongeka ndithu, koma si onse. Nasir al-Din Tusi, katswiri wa nyenyezi yemwe anali mumsasa wa Hulegu, anasonkhanitsa ambiri n'kukawaika ku Maragheh, komwe anamanga malo oonera nyenyezi kuyambira 1259 ndi ndalama za Hulegu yemweyo. Madrasa ya Mustansiriya mpaka lero ilipo ku Baghdad.

Lupanga_Lakuthwa
Musazungulire. Baghdad anaigulitsa ndi Ibn al-Alqami chifukwa anali Shia. Tusi nayenso Shia. Anthu amenewa ndi momwe alili kuyambira kale.

Abiti_Nyanja
Achimwene, n'zoona kuti olemba mbiri angapo a Sunni amamuloza chala Ibn al-Alqami, ndipo anali ndi chifukwa chokwiyira, poti dera la a Shia la Karkh linali litafunkhidwa ndi asilikali a boma lomwelo. Olemba ena amati iye ndi amene ankanena zoona kuti mzindawo sungalimbe. Koma ngati tikuwerenga amene anathandiza Hulegu, tiwerenge onse. Badr al-Din Lu'lu, wolamulira Mosul, anatumiza asilikali ndi zida ku msasa wa Hulegu. Wolamulira Shiraz anatumizanso ake. A Seljuk a ku Anatolia anali atagonja kale pa Kose Dag mu 1243 ndipo ankapereka msonkho. Onsewa mukuwaika m'gulu liti? Munthu mmodzi sangatsegule chipata cha mzinda womwe makoma ake agumulidwa kale ndi miyala.

Lupanga_Lakuthwa
Inu mukuwaikira kumbuyo.

Admin_Wachiwiri
Lupanga, pano tikukamba za anthu a mu 1258, osati anansi anu. Kutukwana gulu lonse la anthu ayi. Chenjezo loyamba, ndipo tili m'mwezi wosala.

Mdzukulu_wa_Katekisiti
Pepani, ine ndine Mkhristu, ndinalowa gulu lino chifukwa cha mbiri. Ndinawerenga kuti Akhristu a ku Baghdad sanaphedwe. N'zoona kapena?

Mphunzitsi_Wopuma
Takulandirani achimwene. N'zoona. Mkazi wamkulu wa Hulegu, Doquz Khatun, adali Mkhristu wa mpingo wa Kum'mawa, womwe ena amautcha Nestorian. Akhristu omwe adabisala m'tchalitchi ndi mkulu wao adasiyidwa. Asilikali a ku Georgia adamenya nawo nkhondo ku Baghdad, ndipo pogwetsa Aleppo mu Januwale 1260 mfumu Hethum ya ku Cilician Armenia ndi mkamwini wake Bohemond wa ku Antioch adali mbali ya a Mongol. Kitbuqa, kazembe yemwe adagonja pa Ain Jalut, nayenso adali Mkhristu.

Koma musathamangire kunena kuti idali nkhondo ya Akhristu ndi Asilamu. Azungu a nkhondo za mtanda omwe adali ku Acre adawaopa a Mongol kuposa a Mamluk, akapolo aja omwe ankalamulira Egypt. Mbuye wa ku Sidon adali atachita chiwembu m'dera la a Mongol, m'bale wake wa Kitbuqa adaphedwa, Kitbuqa adabwezera pofunkha Sidon. Ndiye asilikali a ku Egypt atafika, azungu a ku Acre adawalola kudutsa m'dziko lawo, kumanga msasa pafupi ndi mzinda ndi kugula chakudya. Asilikali omwe adakapambana pa 25 Ramadhan adadya zogula kwa anthu a mtanda.

Mdzukulu_wa_Katekisiti
Zimenezi ku Sande sukulu sanatiuze.

Kachere
Ku madrasa nakonso ayi. Tonse anatibisira limodzi.

Chambo_wa_Mayfair
Ndiye tafika pafunso langa lenileni. Akapolowa anali ndani?

Abiti_Nyanja
Liwu lakuti mamluk limatanthauza munthu yemwe ali ndi mwini wake, koma musaganize za kapolo wolima m'munda. Awa anali anyamata a mtundu wa Kipchak, a ku zigwa za kumpoto kwa Black Sea, okulira pamsana pa kavalo uta uli m'manja, ndendende ngati a Mongol. Chodabwitsa n'chakuti ndi nkhondo za a Mongol omwewo, m'zaka za m'ma 1220 mpaka 1240, zomwe zinabalalitsa makolo awo n'kudzaza misika ndi ana ogulitsa. Sultani al-Salih Ayyub wa ku Egypt anagula ambiri, anawaika pa chilumba cha Rawda mu mtsinje wa Nile, anawaphunzitsa Chisilamu ndi nkhondo: kulasa ali pakavalo, mkondo, lupanga, tsiku ndi tsiku kwa zaka. Akamaliza ankamasulidwa n'kupatsidwa kavalo ndi zida. Mu 1250 anagonjetsa ndi kugwira mfumu Louis IX, chaka chomwecho anapha mwana wa mbuye wawo n'kutenga ufumu. Baybars, yemwe anadzakhala sultani, anali mmodzi wa ana ogulitsidwa aja. Nkhani imati wogula wina anamubweza chifukwa cha ng'ala m'diso.

Choncho pa Ain Jalut sipanakumane anthu a m'tauni ndi anthu a kutchire ngati ku Baghdad. Panakumana ana a chigwa chimodzi. Kusiyana kwake, wa Mamluk anali msilikali wosankhidwa, wa kavalo wamkulu wodya balere ndi chovala chachitsulo, pamene wa Mongol anali mbusa yemwe mfumu yamuitana kunkhondo ndi timahatchi take.

Mtsutsi_Wachikondi
Musaiwale chinthu chachikulu chomwe mabayani (maulaliki a mashehe) amachidumpha: Hulegu pa Ain Jalut panalibe. Mongke anamwalira ku China mu Ogasiti 1259, abale ake Kublai ndi Ariq Boke anayamba kulimbirana mpando, Hulegu anabwerera cha ku Azerbaijan ndi gulu lalikulu. Kitbuqa anamusiyira anthu apakati pa 10,000 ndi 20,000, kuphatikizapo a ku Georgia, a ku Armenia ndi Asilamu a ku Syria omwe anagonja. A Mamluk sanamenyane ndi gulu lomwe linagwetsa Baghdad. Anamenyana ndi alonda.

Wa_Ng'ombe_ku_Ngabu
Ine sukulu sindinapite patali koma ziweto ndimazidziwa, ndiye mundilole. Akuti msilikali aliyense wa Mongol ankayenda ndi akavalo angapo, mwina asanu, wina akatopa akwere wina, ndipo ankamwa mkaka wake. Tiyerekeze asilikali 60,000. Akavalo ndi 300,000. Onsewo sadya za m'thumba, amadya msipu ndipo amamwa tsiku lililonse. Ine ng'ombe 40 zokha mu Okutobala kuno ku Shire ndimasowa nazo mtengo wogwira, ndimayenda nazo mtunda wautali kufuna madzi. Ndiye ku Syria m'chilimwe, udzu utauma, akavalo 300,000 akadya chiyani? Ine ndikuona kuti ngakhale Khan uja akanapanda kufa, Hulegu akanachokabe. Njala ya ziweto siimva lamulo la mfumu.

Mphunzitsi_Wopuma
Bambo a ku Ngabu, mwanena zomwe akatswiri a m'mayunivesite adazilembera mabuku. Hulegu mwiniwake m'kalata ija ya kwa Louis adatchula za kutha kwa msipu ndi chakudya. Ndipo a Mamluk adachidziwa chimenechi. Pambuyo pake Baybars ankatumiza anthu kukatentha udzu m'malire cha ku Euphrates kuti a Mongol akabwera apeze lupsa.

Kachere
Aphunzitsi mupatseni satifiketi mkuluyu.

Wa_Ng'ombe_ku_Ngabu
Satifiketi ayi, anditumizire bundle, yanga yatsala pang'ono kutha ndi ndime zawo zitalizitalizi.

Ustadhi_Wamng'ono
Ndikuona ngati tikuchepetsa zomwe Qutuz, sultani wa a Mamluk panthawiyo, anachita. Inde Hulegu anali atachoka, koma panthawiyo ndani ankadziwa kuti sabwera mawa? Aleppo yagwa, Damascus yadzipereka mu Malichi 1260, sultani wa ku Syria al-Nasir Yusuf wathawa osaponya ngakhale muvi umodzi, othawa nkhondo adzaza Cairo ndi nkhani zoopsa. Kenako pakubwera kalata ya Hulegu yonena kuti akavalo athu ndi aliwiro, mivi yathu ndi yakuthwa, malinga sakutetezani. Akazembe ena a Qutuz ankafuna kugonja. Iye anapha amithengawo n'kupachika mitu yawo pa chipata cha Bab Zuwayla. Ndi zomwezo zomwe zinagwetsa Khwarazm, ndipo iye ankadziwa. Anatseka yekha njira yobwerera kuti wina aliyense asaganizenso zokambirana.

Komanso pali nkhani ya shehe Izz al-Din ibn Abd al-Salam. Pamene ankafuna kukhometsa anthu msonkho wa nkhondo, shehe ananena pamaso pa akuluakulu kuti n'zololedwa pokhapokha mosungira chuma cha boma mwatha, ndipo akazembe agulitsa malamba awo agolide ndi zokongoletsa zawo, aliyense watsala ndi kavalo ndi zida zake basi. Ku Baghdad chuma chinakhala m'nkhokwe mpaka Hulegu anadzachipeza.

Nyenyezi_ya_Mwera
Shehe ameneyo akanabadwa lero bwenzi atamuchotsa pa mimbari sabata yomweyo.

Admin_Wachiwiri
Ndale za lero ayi chonde. Pitirizani ustadhi.

Ustadhi_Wamng'ono
Qutuz sanadikire ku Egypt, anatuluka. Anagwirizananso ndi Baybars, yemwe anali mdani wake ndipo anali atathawira ku Syria kwa zaka zingapo. Baybars anatsogola n'kubalalitsa kagulu ka a Mongol ku Gaza. Anakumana pa 3 Sepitembala 1260, chaka cha 658 pa kalendala yathu, pa kasupe wa Ain Jalut m'chigwa cha Jezreel ku Palestine. Dzinalo limatanthauza kasupe wa Jalut, yemwe abale athu Achikhristu amati Goliati. A Mongol anakankha mwamphamvu mpaka mbali ya kumanzere ya a Mamluk inasweka. Apo ndi pomwe Qutuz anavula chipewa chake chachitsulo kuti asilikali amuone nkhope, nafuula "Wa Islamah", nalowa yekha pakati. Al-Ashraf Musa wa ku Homs, yemwe anali kumbali ya a Mongol, anawasiya nkhondo ili mkati. Kitbuqa sanathawe, anafera konko. Pasanathe sabata Qutuz anali akulowa mu Damascus.

Mdzukulu_wa_Katekisiti
Kasupe wa Goliati! Ndiye kuti malowo anazolowera kuona zimphona zikugwa.

Chambo_wa_Mayfair
Shehe wathu anathera pomwepa. Qutuz analamulira zaka zingati pambuyo pake?

Mtsutsi_Wachikondi
Zaka? Sanathe ngakhale miyezi iwiri. Mu Okutobala 1260, ali pa ulendo wobwerera ku Cairo komwe anthu anali atakongoletsa misewu kuti amulandire, anapatuka kukasaka nyama. Baybars ndi anzake anamupha komweko. Ena amati chifukwa anamumana Aleppo yomwe ankaiyembekezera, komanso panali chakukhosi chakale, poti Qutuz anapha nawo Aqtay, mtsogoleri wa gulu la Baybars. Misewu yokongoletsedwa ija inalandira Baybars.

Nyenyezi_ya_Mwera
Astaghfirullah. Ndiye ngwazi yathu ndi iti apa?

Mphunzitsi_Wopuma
Mwana wanga, funso limenelo ndilisiya kwa Mwini kuweruza. Chomwe ndinganene n'chakuti Ain Jalut idali tsiku limodzi, ndipo tsiku limodzi silikadakwanira. Chomwe chidasunga Syria ndi ntchito ya zaka 17 za Baybars, kuyambira 1260 mpaka 1277. Adakulitsa gulu la nkhondo, adakonza malinga a pa Euphrates monga al-Bira ndi al-Rahba, adakhazikitsa mtokoma wa akavalo wosinthana m'njira moti kalata inkachoka ku Damascus kufika ku Cairo m'masiku anayi, kuwonjezera nkhunda zonyamula uthenga. Adali ndi akazitape mpaka m'dziko la adani. Mu 1261 adaika munthu wa banja la Abbas kukhala Khalifa ku Cairo, wa dzina lokha, mphamvu zili kwa sultani.

Ndipo adapeza bwenzi pakati pa a Mongol eni ake. Berke, msuweni wake wa Hulegu, wolamulira chigawo cha ku Volga chomwe timachitcha Golden Horde, adali atalowa Chisilamu. Adakwiya ndi kuphedwa kwa Khalifa, komanso tisabise, ankalimbirana ndi Hulegu msipu wabwino wa ku Azerbaijan. Adamenyana mu 1262, ndipo kumayambiriro kwa 1263 asilikali ambiri a Hulegu adamira mu mtsinje wa Terek madzi oundana ataswekera pansi pa akavalo awo. Hulegu adamwalira mu 1265 asanabwerere ku Syria. Kuchokera m'dziko la Berke lomwelo ndi komwe anyamata atsopano ankagulidwa kupita ku Cairo.

Wa_Ng'ombe_ku_Ngabu
Mwamva? Msipu uja wabweranso. Ndinanena ine.

Lupanga_Lakuthwa
Chachikulu n'chakuti makafiri anagonja ndipo sanabwerenso.

Abiti_Nyanja
Anabweranso achimwene, kangapo, ndipo ulendo woopsa kwambiri anabwera akunena shahada. Mu 1281 anabwera ndi gulu lalikulu, sultani Qalawun anawabweza movutikira ku Homs. Kenako mu 1295 Ghazan, chidzukulu cha Hulegu, analowa Chisilamu pamodzi ndi akazembe ake ambiri, natenga dzina la Mahmud. Mu Disembala 1299 Ghazan yemweyo anagonjetsa a Mamluk pa Wadi al-Khazindar pafupi ndi Homs, Damascus inagwa, dzina lake linatchulidwa mu khutba ya Ijuma, ndipo asilikali ake anafunkha dera la Salihiyya, komwe kunkakhala maulama ambiri. Anabwerera kwawo patapita miyezi yochepa.

Apa ndi pomwe anthu anasokonezeka mitu: timenyana nawo bwanji anthu oswali ngati ife? Shehe Ibn Taymiyya, yemwe ali mwana banja lake linathawa a Mongol ku Harran, anapita kukaonana ndi Ghazan maso ndi maso, ndipo anapereka mafatwa akuti kumenyana nawo n'koyenera chifukwa ankatsatabe malamulo a Genghis, otchedwa yasa, pambali pa Sharia. Mu Epulo 1303, mu Ramadhan, pa Shaqhab kum'mwera kwa Damascus, anauza asilikali kuti amasule swaumu kuti apeze mphamvu, iye mwini akuyenda pakati pawo akudya kuti aone. A Mongol, motsogozedwa ndi Qutlugh-Shah, anapanikizidwa paphiri popanda madzi. A Mamluk anawatsegulira dala njira, atathamangira kumtsinje anawagwera kumbuyo. Mtendere unadzasainidwa mu 1323 pakati pa sultani wa a Mamluk al-Nasir Muhammad ndi mfumu ya a Mongol Abu Sa'id, onse awiri Asilamu.

Ustadhi_Wamng'ono
Ndipo mafatwa amenewo tiziwagwira mosamala. Anaperekedwa kwa anthu enieni pa nthawi yeniyeni, mzinda utazingidwa. Masiku ano kuli magulu omwe amawatola n'kumakufurisha nawo Msilamu aliyense yemwe sakugwirizana nawo. Lupanga, ndikunena ndi inu mwaulemu.

Lupanga_Lakuthwa
Ndamva ustadhi. Koma pa Ibn al-Alqami sindinasinthe.

Mtsutsi_Wachikondi
Ndikuwonjezereni mutu wina. Pa nkhondo yoyamba ya ku Homs mu Disembala 1260, a Mamluk anagwira mnyamata wa Mongol, dzina lake Kitbugha, osati kazembe uja ayi, wina. Qalawun anamutenga kukhala mamluk wake. Mu 1294 mnyamata uja anakhala sultani wa Egypt ndi Syria. Al-Nasir Muhammad yemwe anapambana pa Shaqhab, mayi ake anali a Mongol. Qalawun mwiniwake ankatchedwa al-Alfi chifukwa anagulidwa madinari 1,000.

Kachere
Ndiye wa Mongol akulamulira Cairo, wa Mongol wina akuswali ku Tabriz, onse akutumizirana makalata otukwanana. Aphunzitsi, mayeso a nkhani imeneyi ine ndikanalephera.

Nyenyezi_ya_Mwera
Nanga ku India sanafike? Bwana wanga wakale kusitolo ankakonda kunena kuti Delhi sinagwe.

Mphunzitsi_Wopuma
Ankanena zoona. A Mongol a nthambi ya Chagatai adafika pakhomo pa Delhi mu 1299 ndi 1303, sultani Alauddin Khalji adalimba, ndipo mu 1305 adawagonjetsa ku Amroha. Iyenso adachita kusunga gulu lalikulu la asilikali olipidwa ndalama, mpaka adaika mitengo yokhazikika ya tirigu ndi akavalo m'misika kuti malipiro a msilikali azikwanira. Koma imeneyo tiitsegulire mutu wake, pano tadzaza kale.

Chambo_wa_Mayfair
Zikomo nonse. Ndikapita kwa shehe ndikawafunse ngati chaka chamawa angapitirize bayani mpaka Okutobala 1260, osaimira pa chipewa cha Qutuz. Kachere, yankho lako la anthu okhuta lija silinali kutali kwenikweni, kungoti unasiya akavalo.

Kachere
Akavalo ndinasiyira a ku Ngabu, aliyense ndi gawo lake.

Wa_Ng'ombe_ku_Ngabu
Bundle yatha. Wina andiuze mawa ngati Hulegu wabweranso. Kuno adhana yalira, ndikukamasula.